Pepala Limene Linakulunga Mandasi a NyaTembo

Tionge Tembo, amene anthu a pa Mzimba Boma amamutchula kuti NyaTembo, anabadwira m'mudzi wina kupitirira Edingeni. Sukulu anailekezera mu Sitandade 2. Chaka chimenecho mayi ake anadwala miyendo, ndipo pakhomo panafunika wotunga madzi ndi wosoka fodya. Alongo ake awiri anapitiriza sukulu, iye n'kutsala. Mwiniwake amati panthawiyo sanadandaule, chifukwa sukulu inali kutali ndipo aphunzitsi ankakwapula. Anakula akutha kuzindikira tsamba labwino la fodya pongolikhudza, koma zilembo anagwirapo zochepa: T wa dzina lake, ndi zina ziwiri kapena zitatu.

Ine ndine Linily, mphunzitsi wa ku pulayimale. Kwathu ndi ku Dowa, koma boma linanditumiza ku Mzimba mu 2009 ndipo ndikadali konkuno. Nkhani ya NyaTembo ndimaidziwa chifukwa mbali ina ndinalimo, ndipo mbali yangayo si yonyaditsa. Zina anandiuza yekha patapita zaka.

Mwamuna wake, Kizito Kamwendo, anali wa ku Ntcheu. Anafika m'mudzi wa Tionge m'chaka cha 2000 pa njinga yamoto, atamangirira kumbuyo mpukutu wa mapepala akuluakulu amene a mabungwe amati fulipu tchati. Ankagwira ntchito ku bungwe lina lophunzitsa alimi. Tsiku limenelo anamata pepala pakhoma la tchalitchi, kunja, n'kuyamba kuphunzitsa kapangidwe ka manyowa. Kunali mphepo ya mwezi wa Julaye, ndipo tepi inkangomatuka. Tionge anali m'gulu la atsikana ophikira anthu a pamsonkhanowo, ndipo mkulu wina anamuitana kuti agwire ngodya ya pepalalo. Anaigwira maola awiri, mkono n'kuchita dzanzi, osausintha. Pomaliza Kizito anafunsa womasulira wake kuti mtsikana wodekha chonchiyu ndi mwana wa ndani.

Kwawo kwa Kizito kulibe mwambo wa lobola, ndipo anadandaula nawo kwambiri. Koma bambo a Tionge sanasunthe. Anamuuza kuti kuno mkazi amatengedwa ndi ng'ombe, ndipo wopereka ng'ombe ana amakhala ake. Kizito anapereka, natenga mkazi wake kupita naye pa Boma, m'nyumba ya lendi ya zipinda zitatu. Chaka chotsatira kunabadwa mwana wamkazi, Cathy. Pambuyo pake Tionge anaima kawiri, koma konse kuwiri anapita padera.

Kuntchito Kizito anali wotamandika. Ineyo ndinakhalapo pa maphunziro ake kamodzi, pamene bungwe lawo linaitana aphunzitsi. Ankaima pambali pa pepala ndi zolembera zitatu, chakuda, chofiira ndi chobiriwira, n'kumapatsa aliyense mpata wolankhula. Ngakhale munthu ayankhe zopanda mutu, iye ankazilemba ndithu ndi zilembo zake zowongoka ngati zosindikiza, akunena kuti palibe yankho lolakwa. Mowa sankamwa. Mkazi sanamumenyepo. Amayi a kutchalitchi ankamuuza NyaTembo kuti anachita mwayi, ndipo iye ankavomereza.

Mapepala aja anafika kunyumba Cathy ali mu Sitandade 3. Kizito anakhoma misomali iwiri pabalaza, pamwamba pa wailesi, n'kupachikapo mtolo wathunthu. Poyamba zinali zabwinobwino. Ankalembapo midzi imene apiteko sabata imeneyo, ndi masamu a Cathy. NyaTembo ankanyadira, chifukwa mlendo aliyense akalowa maso ankathamangira pakhomapo, n'kudziwa kuti m'nyumba muno muli munthu wophunzira. M'mawa uliwonse ankapukuta fumbi pamwamba pa mtolowo ndi kansalu kouma, poti anamuletsa kuukhudza ndi manja onyowa.

Kenaka panayamba msonkhano wa Lamulungu. Akabwera ku tchalitchi n'kudya, Kizito ankakhazika mkazi wake ndi mwana pampando wautali, iye n'kuima pakhoma paja, n'kunena kuti tsopano aunike mmene sabata yayendera. Ankayamba ndi zimene zayenda bwino, ndipo izi sizinkatenga nthawi. Zimene zalakwika zinkadzaza pepala, ndipo zonse zinali za munthu mmodzi. Kolala ya malaya sinasitidwe bwino. Ndiwo za Lachitatu zinachuluka mchere. Abwana a ku Lilongwe atabwera kunyumba NyaTembo anawapatsa moni m'Chitumbuka, ndiponso atagwada ngati ali kumudzi. Akamaliza kulemba ankauza Cathy kuti aimirire awerenge mokweza, kuti amake amve. Mwanayo ankawerenga bwino, ndipo bambo ake ankamuyamikira.

Kizito sankakweza mawu. Pomaliza ankangofunsa kuti, "Tagwirizana, amake Cathy?"

"Yewo," ankatero NyaTembo, kuvomera m'Chitumbuka.

Akatero Kizito ankamugwira chala chachikulu, kuchipaka ndi cholembera chofiira, n'kuchidinda m'munsi mwa pepalalo, monga ankachitira ndi alimi osatha kusaina. Inki imeneyo sinkachoka msanga. Lolemba lililonse NyaTembo ankapita kumsika ndi chala chofiira, ndipo anzake ankaganiza kuti ndi mankhwala a bala.

Kumsikako ankagulitsa mandasi. Kizito anamulola kuchita geniyo, ndipo ankamubweretsera mapepala otha ntchito a kuofesi kuti azikulungira. Ankawaunjika pakona ya chipinda chogona, NyaTembo n'kumatenga limodzilimodzi, kulipinda katatu n'kulidula ndi mpeni, kutuluka zidutswa zisanu ndi zitatu. Mandasi ake ankadziwika ndi mapepala amenewo. Umatha kudya ukuwerenga theka la mawu onena za katemera wa nkhuku, kapena mutu wa ng'ombe wojambulidwa ndi cholembera chobiriwira. Analinso okoma, ofewa mkati, ndipo ife aphunzitsi tinkagula kwa iye tsiku ndi tsiku pa nthawi yopuma.

Mu 2013, Cathy ali mu Sitandade 7 m'kalasi langa, pakhoma paja panaoneka pepala lachilendo. Linali ndi mzere wautali pakati, kuchoka pamwamba mpaka pansi. Kumanzere kunali chilembo chachikulu T, kumanja F, ndipo zolembedwa zonse zinali m'Chingerezi. Pepala limeneli silinawerengedwe pa msonkhano wa Lamulungu. NyaTembo anazindikira T, nafunsa mwamuna wake kuti dzina lake likutani pamenepo. Kizito anamuyankha kuti si dzina lake, ndi za kuntchito: T ndi tomato, F ndi fodya, akuyerekeza kuti mlimi asankhe iti.

Za mbewu NyaTembo ankazidziwa, ndipo anasangalala kuti kamodzi kokha angathandizepo pa ntchito ya mwamuna wake. Anamuuza kuti fodya amathyola msana koma amasungika, pamene tomato sachedwa kuola. Kizito anaseka kwambiri, zimene sankachita kawirikawiri, natsegula cholembera chofiira n'kulemba pansi pa T. Anamuthokoza kuti mfundo imeneyo anali asanaiganizire.

Pepalalo linakhala pakhoma milungu isanu, ndipo mizere inkawonjezeka pang'onopang'ono. Anzake a Kizito ankabwera Loweruka masana, kuima patsogolo pake n'kuwerenga, kenaka n'kumuyang'ana NyaTembo akuwathirira tiyi. Mmodzi wa iwo, Allan, anatsamwa ndi tiyi tsiku lina mpaka anatuluka panja kukatsokomola. NyaTembo anamutsatira ndi kapu ya madzi. Cathy anasiya kudyera pabalaza, namadyera kukhitchini, ndipo amake ankaganiza kuti ndi manyazi a kukula.

Itatha milungu isanuyo Kizito analing'amba pepalalo, nalipinda pamodzi ndi ena a kuofesi, n'kuponya pakona paja. Kaya anaiwala, kaya sanasamale, sindikudziwa. Lachiwiri lotsatira NyaTembo analidula ndi mpeni wake.

Tsiku limenelo wokagula mandasi a aphunzitsi ndinali ine. Nditafika nawo muofesi ya aphunzitsi, mnzanga wina anatambasula kachidutswa kake n'kuwerenga mokweza: wapita padera kawiri, mwana wamwamuna palibe. Pa kanga panali pakuti amanunkha mafuta okazingira. Kachitatu kanali ndi F wamkulu, ndipo pansi pake panalembedwa kuti ali ndi dipuloma, ndi wamng'ono, amatha kulankhula ndi alendo. Zilembo za Kizito tonse tinkazidziwa. Felesta, mtsikana wolemba makalata kuofesi kwawo, tinkamudziwanso, chifukwa pa Boma ponse nkhani yawo inali itamveka kale kupatula m'makutu a NyaTembo.

Tinaseka. Ndikufuna ndinene bwinobwino kuti ineyo ndinaseka nawo, ndiponso ndi ine amene ndinabwerera kumsika kukagula mandasi ena amene sindinkawafuna, kuti tipeze zidutswa zotsala. Ndinamuuza NyaTembo kuti andikulungire awiriawiri, poti ndi a anthu osiyana. Anandithokoza chomene, nandiwonjezera limodzi la basera. Tinapeza zidutswa zisanu ndi chimodzi. Ziwiri zinali zitapita ndi ogula ena. Tinazilumikiza ndi tepi patebulo la ahedi, ndipo kwa masiku atatu aphunzitsi, ngakhale a sukulu yoyandikana nayo, ankabwera kudzaona.

Tsiku lachitatu ndi pamene ndinayang'anitsitsa mzere wina wa m'munsi, pansi pa T, umene mafuta anali ataudetsa. Zilembo zake sizinali za Kizito. Zinali zazing'ono, zopendekera kumanzere, ndipo ndinkazichonga m'makope tsiku lililonse. Mzerewo unkati: amandichititsa manyazi akabwera kusukulu.

Ana ataweruka ndinamuuza Cathy kuti atsale. Ndinamuonetsa kachidutswako. Sanakane. Anati adadi anamupatsa cholembera n'kumuuza kuti nayenso ndi wa m'banjamo, awonjezerepo mfundo yake imodzi, palibe yankho lolakwa. Ndinamufunsa ngati ankadziwa kuti T ndi ndani ndipo F ndi ndani. Anati ankadziwa kuyambira tsiku loyamba.

"Koma ndi zoona, madamu," anatero. "Tsiku lotenga zotsatira amama anagwira pepala langa chozondoka, anzanga onse akuona."

Sanalire. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Loweruka masana, nditamva kuti Kizito wapita ku midzi ya ku Engutwini, ndinatenga pepala lolumikizalo kupita nalo kwa NyaTembo. Ndinamupeza akuchapa. Ataliona analizindikira nthawi yomweyo, nati ndi la tomato ndi fodya lija, n'kufunsa mwamantha ngati analakwitsa kulidula. Ndinamuuza kuti si tomato, si fodya. Anapukuta manja pa chitenje, nandilowetsa pabalaza, n'kundiuza kuti ndiwerenge zonse m'Chichewa.

Ndinayamba ndi mbali ya Felesta, poganiza kuti ndi yopepukirapo. Anamvetsera osagwedezeka. Nditafika mbali yake anaika chala chake pa mzere woyamba, namachitsitsa ndikamaliza uliwonse. Sadziwa kuwerenga. Amanunkha mafuta. Sungapite naye pagulu. Wapita padera kawiri. Sachedwa kuola. Pamenepa anatulutsa kampweya m'mphuno ngati akufuna kuseka, nati amenewo ndi mawu ake omwe. Mzere wa Cathy ndinaudumpha, koma chala chake sichinasunthe.

"Apa mwadumpha, madamu."

Ndinati mafuta adetsa, sipakuoneka.

"Zilembo izi n'za mwana wanga. Makope ake ndimakutira ndine. Ndapota, werengani."

Ndinawerenga. Anayang'ana misomali iwiri ija pakhoma. Kenaka anafunsa ngati mbali yake panalibe chabwino ngakhale chimodzi. Chinalipo, pamwamba penipeni, cholembedwa ndi cholembera chobiriwira: ndi wodekha, sayankha. Atamva zimenezo anafunsa kuti ndi anthu angati amene aliwerenga pepalali. Ndikanatha kunama, koma ndinamuuza zoona, mpaka za mandasi awiriawiri aja. Anandiyang'ana kamodzi, nati, "Mbwenu. Yewo chomene," kutanthauza kuti basi, zikomo kwambiri. Anandiperekeza mpaka pageti, n'kubwerera kukachapa.

Mawa lake, nthawi ya msonkhano wa Lamulungu, Kizito anapeza pepala lamafutalo litapachikidwa pamisomali. Sanakwiye, ndiponso sanachite manyazi. Analiyang'ana, nanena kuti zachita bwino kuti wadziwa, chifukwa iye ankasowa poyambira. Chimene chinamudandaulitsa chinali chakuti zinthu za m'nyumba zafika kwa anthu akunja, ndipo anati cholakwa chimenecho n'cha NyaTembo, wotenga mapepala osafunsa. Kenaka anatembenuza tsamba latsopano n'kulemba ndondomeko yothetsera banja: tsiku loitana akwawo kwa NyaTembo, tsiku lolongedza, tsiku lopereka makiyi kwa eni nyumba, poti kuntchito anali atamusamutsira ku Kasungu. Nthawi imeneyi anawerenga yekha. Atatambasula dzanja kuti agwire chala chija, NyaTembo anachibisa m'khwapa. Kizito anatseka cholembera, nati palibe kanthu, kudinda n'kongokwaniritsa mwambo.

Bambo a NyaTembo anali atamwalira kale, choncho amene anabwera kuchokera ku Edingeni anali mlongo wake wamkulu, Justus. Anabwera ndi ukali, koma Kizito anamulandira ndi ulemu, kumukhazika pampando wabwino, n'kumufotokozera zonse pakhoma, mfundo ndi mfundo. Pa nkhani ya mwana, Kizito anakumbutsa kuti mwambo wa ng'ombe sanabwere nawo iye kuchokera ku Ntcheu. Anaupeza kuno, anaukana, iwo n'kuumirira. Justus anagonja, makamaka poti ng'ombe zimenezo ndi zomwe iye mwini anakwatirira. Anauza mlongo wake m'Chitumbuka kuti mwana ndi wa bambo ake, ndipo akakula adzafuna yekha amake.

Tsiku losamuka, lole inaima pakhomo m'mawa. Cathy anakwera kutsogolo, buku lili pamiyendo. Amake anamupatsira pawindo jumbo ya mandasi otentha. Anailandira, nati zikomo, maso ali m'bukumo. Felesta anakwerera pa depoti.

NyaTembo anayesa kupitiriza geni yake, koma zidutswa ziwiri zosowa zija ndi pakamwa pa ife aphunzitsi zinali zitagwira kale ntchito. Pamsika anamupatsa dzina lakuti Tomato. Amuna okhala pa mabenchi a telala ankafunsana mokweza akamadutsa ngati tomato wa lero waola kale. Amayi anzake sankamunena pamaso, koma ogula ena ankatambasula pepala lokulungira iye akuona, kuti aone ngati pali nkhani ina yatsopano. Patatha mwezi umodzi anagulitsa chiwaya chake n'kupita kumudzi. Kumeneko anakhala zaka ziwiri m'kanyumba ka malemu mayi ake, akulima munda wa Justus, mpaka mlamu wake anayamba kudandaula kuti pakhomo pachuluka akazi.

Anabwerera pa Boma n'kupeza ntchito yosesa pa malo ena ogona alendo, amene ali ndi holo yochitiramo maphunziro a mabungwe. Ntchito yake ina inali yomatula mapepala pamakoma anthu akamwazikana, kuchotsa tepi osasupula penti. Tsiku lina anafika kunyumba kwanga ndi mpukutu wa mapepala amenewo, naima pakhonde osalowa. Anati akufuna ndimuphunzitse kuwerenga, ndipo wasankha ine chifukwa sakufuna kuti munthu winanso adziwe za iye zimene ine ndikuzidziwa kale.

Tinkaphunzira Loweruka masana, tikulemba kumbuyo kwa mapepalawo titawamata pachitseko changa. Zinamuvuta. Anali ndi zaka zoposa makumi atatu ndi zisanu, ndipo b ndi d anawasokoneza chaka chathunthu. Zinatitengera zaka zitatu kuti azitha kuwerenga yekha chikwangwani kapena kalata, pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu. Nthawi yonseyi sanadyepo chakudya m'nyumba mwanga, ndipo sanasiye kunditchula kuti madamu. Atangotha kulemba anayamba kutumiza makalata kwa Cathy. Sanayankhidwe ndi kalata, koma pa Khirisimasi iliyonse Cathy ankaimba foni, kufunsa za moyo, n'kudula msanga.

Chaka chatha Cathy, amene tsopano ndi namwino, anaimba mwezi wa Ogasiti, si pa Khirisimasi. Anati akukwatiwa ndipo amama abwere. NyaTembo anasoketsa diresi yabuluu ndi duku lake, nagula nsapato zimene anaziyeserera sabata yathunthu kuntchito kuti zisakamupweteke. Anandipempha kuti ndimuperekeze, poti Cathy anali mwana wa m'kalasi langa.

Tinafika ku Kasungu Lachisanu masana. Pakhomo pa Kizito panali piringupiringu, ndipo pakhoma la khonde panamatidwa mapepala akuluakulu anayi a komiti ya ukwati: a magalimoto, okongoletsa holo, okhala kutsogolo, ophika. Zilembo zinali zomwe zija, kungoti tsopano zinkanjenjemera pang'ono. NyaTembo anaika chikwama pansi, nayamba kuwerenga ndi chala, anthu akumupatuka. Pa mzere wa makolo a mkwatibwi panali Bambo ndi Mayi Kamwendo. Anapitiriza pepala lachiwiri, lachitatu. Dzina lake analipeza pa lachinayi, wachisanu ndi chimodzi pa ophika: Tionge, mandasi.

Kizito anatuluka m'nyumba, wonenepa, imvi mbuu. Anatipatsa moni waulemu, natifunsa za ulendo, kenaka anakweza dzanja kuloza pepala lija kuti afotokoze.

"Ndawerenga ndekha," anatero NyaTembo.

Kizito anamuyang'ana modabwa pang'ono, nati wachita bwino kwambiri, kuphunzira kulibe msinkhu. Wina anamuitana za galimoto ya mkwati, n'kupita.

Cathy anatipezera kuseri kwa nyumba, tsitsi ataluka theka. Anawakumbatira amake mwamsanga. Anafotokoza kuti akuchimuna amadziwa Felesta ngati mayi ake, ndipo kuyamba kulongosola tsopano kungosokoneza anthu. Anati anaumirira yekha kuti amama aitanidwe, ngakhale ena sankafuna.

"Musavute, amama. Ndi tsiku limodzi lokha."

Atachoka ndinamuuza NyaTembo kuti tinyamuke, minibasi za ku Jenda zikadalipo. Anati ndapota, madamu, khalani chete, n'kufunsa mayi wina kumene kunali ufa.

M'mawa wa ukwati anavala diresi yabuluu ija, namanga chitenje pamwamba pake, n'kukhala pa chiwaya. Ophika sanapite ku tchalitchi. NyaTembo anamuona mkwatibwi pamene galimoto yamaluwa inkatuluka pageti, ndipo anaimirira, chipande chili m'manja, mpaka inakhota. Kuholo tinaima pakhomo la kumbuyo, pafupi ndi mabeseni a mbale. Woyendetsa mwambo ataitana mayi amene analera duwa lokongolali, Felesta anaimirira, anthu n'kululutira. NyaTembo anaombera nawo m'manja, kawiri kapena katatu, kenaka anawerama n'kuyamba kutsuka. Madzulo Felesta anabwera yekha kukhitchini kudzathokoza, nati alendo ayamikira kwambiri mandasi, n'kumupatsa jumbo ya mpunga wotsala kuti akadye panjira. Anailandira ndi manja awiri.

Pobwerera, titadutsa Jenda, NyaTembo anangonena kuti mwamuna wa Cathy akuoneka wamtima wabwino, ndipo diresi ya ukwati inamukhala mwana wake. Nsapato anazivula, nazigwirizira pamiyendo.

Mwezi wa Meyi chaka chino Cathy anabereka mwana wamwamuna. Tchuthi chake chitayandikira kutha anaimbanso foni. Felesta anali atakana kulera khanda, ponena kuti nayenso amagwira ntchito, ndipo atsikana antchito a m'tauni Cathy sankawakhulupirira. Anapempha amama abwere adzakhale nawo. Ndinamuchenjeza NyaTembo kuti akasiya ntchito yake ya pa holo sadzaipezanso, ndipo aganize bwino chimene akumuitanira. Anati akuchidziwa. Anapita mu Julaye ndi chikwama chimodzi, ndipo malo ake analowapo wina sabata yomweyo.

Amandiimbira mwa apo ndi apo, nthawi imene eni nyumba ali kuntchito. Amagona m'kachipinda ka kuseri, pafupi ndi khitchini. Akuti mwanayo ndi wokongola chomene, amadya bwino, ndipo salola kunyamulidwa ndi wina koma iye. Ulendo watha ndinamufunsa kuti akuchimuna akabwera kudzaona mwana, Cathy amawauza kuti iye ndi ndani. Anati mayunitsi akutha, adzaimbanso.